Masiku anga ku Gangaikonda Cholapuram, mudzi umene unali likulu la mafumu

Lolemba, ku Kumbakonam

Ndafika ku Kumbakonam, tauni ya kum'mwera kwa India, dzuwa litapendeka. Sitima yotchedwa Cholan Express imanyamuka m'mawa pa siteshoni ya Egmore ku Chennai n'kulowera kum'mwera, kudzera ku Chidambaram ndi Mayiladuthurai. Kungodutsa Chidambaram, uku ndi uku ndi minda ya mpunga yokhayokha, madzi ali tho, akakowa ali mbee m'mphepete mwa ngalande. Kuno n'kumene mtsinje wa Kaveri umagawikana kukhala timitsinje tambirimbiri usanakathire m'nyanja. Mvula yawo yeniyeni imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndiye ndapeza dziko lonse lili biriwiri.

Alendo ambiri akafika chigawo chino cha Tamil Nadu amathamangira ku Thanjavur, kukaona kachisi wamkulu amene mfumu Rajaraja woyamba anamaliza kumanga mu 1010. Ine ulendo wanga ndi wa kwa mwana wake. Rajendra, amene analamulira ufumu wa Achola kuyambira 1014 mpaka 1044, anasiya likulu la bambo ake n'kukamanga mzinda watsopano, Gangaikonda Cholapuram, kumpoto kwa mtsinje wa Kollidam. Mzindawo unakhala likulu zaka pafupifupi 250. Lero ndi mudzi chabe m'boma la Ariyalur, koma kachisi wake akadali chiimire, ndipo ansembe akuyatsabe nyali m'mawa ndi madzulo. Lachisanu likudzali mwezi ukhala wathunthu, ndipo m'mwezi wa Chitamil wa Aippasi tsiku limenelo kumakhala mwambo wa mpunga wotchedwa Annabhishekam. Ndicho ndadzera.

Mayi wachikulire amene ndikugona m'nyumba mwake wandilandira ndi khofi wamkaka wotentha kwambiri, m'kapu yachitsulo yopanda chogwirira. Atamva kumene ndikupita, waitana mdzukulu wake, mnyamata wa ku koleji wodziwa Chingerezi, n'kumulamula kuti aziyenda nane. Ine wandiuza zinthu ziwiri zokha: ndivale zofika m'mapazi, ndipo nsapato zikhale zosavuta kuvula.

Lachiwiri, tsiku loona miyala

Kuchokera ku Kumbakonam ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 35 pa basi. Tinawoloka Kollidam pa Anaikarai, tinadutsa midzi ingapo, kenako nsanja ya kachisi inangotulukira pamwamba pa mitengo, basi isanafike n'komwe pa siteji. Potsika panalibe chodabwitsa: timagolosale tochepa, mayi wogulitsa maluwa ndi kokonati, mbuzi zitagona pamthunzi. Munthu wosauzidwa sangaganize kuti pamenepa panachokera malamulo ofika mpaka ku Sri Lanka.

Nsapato zimatsala pachipata. Chipatacho chili kum'mawa, ndipo pamwamba pake panagumuka kalekale, panangotsala tsinde la miyala ikuluikulu. Kachisiyu ndi wa Shiva, mulungu wa Ahindu, ndipo ukalowa umakumana ndi Nandi, nkhunzi yake, itagona chopinda miyendo, nkhope italoza kukachisi. Kutsogolo kwake ndiye nsanja, yotalika mamita oposa 50. Ya ku Thanjavur ndi yaitali kuposa iyi, ndipo mbali zake n'zowongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Iyi ndi yopindikira m'kati pang'ono pamene ikukwera, moti maso satopa kuiyang'ana. Kachisiyu anamalizidwa cha m'ma 1035. Kudera kuno kulibe mapiri a miyala yotere, ndiye mwala uliwonse unachita kubwera kuchokera kutali.

Dzina la mudziwu likuchokera ku nkhondo. Cha m'ma 1023 asilikali a Rajendra anapita kumpoto mpaka kukafika ku mtsinje wa Ganga, nagonjetsa mfumu Mahipala ya ku Bengal, n'kubwerako ndi madzi a mtsinje wopatulikawo m'mitsuko. Rajendra anadzitcha Gangaikonda Chola, Mchola amene anatenga Ganga. M'bwalo la kachisi muli chitsime chotchedwa Simhakeni: pali chosema cha mkango waukulu, ndipo m'thupi la mkangowo muli masitepe otsikira kumadzi. Anthu a kuno amati ena mwa madzi a Ganga aja anathiridwa m'menemo. Pakhomo pake anatsekapo ndi zitsulo, ndinangosuzumira.

Nthawi yaitali ndinathera pa zosema za pakhoma la kunja. Kuli Shiva akuvina, kuli Saraswati, mulungu wamkazi wa nzeru, atakhala mwabata, kulinso thupi limodzi logawika pakati, mbali imodzi yamwamuna ina yamkazi, lotchedwa Ardhanarishvara. Koma chimene chinandigwira mtima chili pafupi ndi masitepe a kumpoto. Shiva wakhala pampando, mkazi wake Parvati ali pambali pake, ndipo pamapazi pawo pakhala mnyamata atagwirizanitsa manja. Shiva akukulunga nkhata ya maluwa pamutu pa mnyamatayo ndi manja ake, dzanja limodzi litagwira mutuwo mosamala kuti usapendekere. Wosema uja anaudziwa mtima wa kholo. Mwala wouma chonchija, koma chifundo chikuoneka m'zala.

Mnzanga, mdzukulu wa mayi uja, anandifotokozera nkhani yake. Mnyamatayo ndi Chandesha, mmodzi mwa oyera 63 a Shiva otchedwa Nayanmar. Ankaweta ng'ombe za m'mudzi wa Seynalur, ndipo kubusa ankaumba chizindikiro cha Shiva ndi mchenga n'kumathirapo mkaka. Bambo ake atamva kuti mwana akuwononga mkaka wa eni ake, anapita mwaukali n'kukankha mtsuko wa mkakawo ndi phazi. Mnyamatayo anawamenya mwendo ndi ndodo, ndodoyo inasanduka nkhwangwa. Pamenepo Shiva anaonekera, nachiritsa bamboyo, n'kutenga mnyamatayo kukhala mwana wake ndi woyang'anira chuma chake chonse. Nkhaniyi ndi yolemetsa kuimva, makamaka kwa ife amene tinaleredwa kuti dzanja silikwezedwa pa kholo. Ena amati wosema anaika Rajendra mwiniwake pamalo a mnyamatayo.

Chandesha ali ndi kanyumba kakekake kumpoto kwa kachisi. Ndinaona aliyense wotsiriza kupemphera akudzera pamenepo, kuwomba m'manja pang'onopang'ono kapena kupukusa zikhatho, n'kumapita. Akuonetsa mlonda wa chuma cha Shiva kuti m'manja mulibe kanthu, sanatenge kalikonse ka m'kachisi.

Lachitatu, Pradosham

Dzulo ndinaona miyala, lero ndaona anthu. Tinafika chakumadzulo chifukwa ndi tsiku la Pradosham, limene limabwera kawiri pamwezi, tsiku la 13 mwezi ukamakula ndi tsiku la 13 ukamachepa. Nthawi yake ndi ija dzuwa likamapita kukalowa. Ahindu amakhulupirira kuti milungu ndi ziwanda zitavundula nyanja, munatuluka poizoni woti akanapha zamoyo zonse, Shiva n'kumumwa, ndipo anavina pakati pa nyanga za Nandi nthawi ngati imeneyi. Choncho tsikuli nkhunzi ija imalandira ulemu waukulu. Amaibweretsera udzu wanthete ndi maluwa. Ndinaona mtsikana wina wa yunifolomu ya sukulu ataima chapafupi ndi Nandi, akunong'ona, dzanja litaphimba pakamwa. Mnzanga anati anthu amauza Nandi zosowa zawo kuti akawafikitsire kwa mbuye wake.

Pakhomo lolowera m'kati pali alonda awiri osemedwa pa mwala, ataliatali, maso ali tong'o. M'katimo ndi mumdima, pansi m'pozizira, mpweya ukununkhira mafuta a nyali, lubani ndi maluwa. Ine ndi Mkhristu, ndipo ndinauza mnzanga kuti afunse kaye ngati n'koyenera kuti ndilowe. Anapita kwa wansembe, naweramitsa mutu, nati, “Ayya,” n'kulankhula naye m'Chitamil. Wansembeyo anandiyang'ana, n'kundilozera malo pambali pa chipilala. Ndinaima pomwepo mpaka mapeto.

Kutsogolo, m'chipinda chamkati mmene mumalowa ansembe okha, muli lingam, mwala wakuda wobulungira umene ndi chizindikiro cha Shiva. Wa pano ndi wamtali pafupifupi mamita 4, moti wansembe amachita kukwera pa nsanja kuti afike pamwamba pake. Kusambitsa mwalawo, kumene amati abhishekam, ndiwo mtima wa mapemphero. Amathira madzi, kenako mkaka, chambiko, uchi, madzi a kokonati, n'kumatsuka ndi madzi pakati pa chilichonse. Mkaka ukamatsika pa mwala wakudawo, m'chipinda chonse mumaoneka ngati mwawala. Atatha anatseka nsalu. Tinadikira. Itatsegulidwa, mwalawo unali utavekedwa nsalu yoyera, nkhata za maluwa ndi masamba a mtengo wa vilva, aja amamera atatuatatu pa phesi limodzi. Belu linalira, wansembe n'kuyamba kuzunguza nyali patsogolo pa mwalawo, ndipo anthu onse anakweza manja pamwamba pa mitu akufuula, “Om Namah Shivaya!”

Kenako wansembe anatuluka ndi mbale ya moto. Aliyense amaika zikhatho pamwamba pa lawi n'kudzigwira m'maso, ndipo amalandira phulusa loyera lotchedwa vibhuti m'dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza pansi. Amadzipaka pachipumi, ena mizere itatu yopingasa. Gogo wina amene anaima pafupi nane anatsala nalo phulusa, nalikulunga bwinobwino m'kapepala ka nyuzi, n'kulimanga pansonga ya sari yake, nsalu imene amayi a kuno amavala. Anauza mnzanga kuti, “Thambi, ili ndi la amuna anga, miyendo sikuwalolanso kufika kuno.”

Panja, bambo wina ankaimba yekha nyimbo za Chitamil zotamanda Shiva, popanda choimbira chilichonse. Nyimbo zoterezi zina ndi zakale kuposa kachisiyu. Ndipo kachisi ameneyu ali nayo nyimbo yakeyake: mlakatuli Karuvur Devar, wa nthawi ya Achola, anamuimbira, ndipo mawu akewo ali m'gulu la nyimbo zopatulika za opembedza Shiva.

Ku Blantyre ndadutsapo pa kachisi wa Ahindu osaganizako zimene zimachitika m'kati. Lero ndaona mlimi wamatope m'miyendo ataima phewa ndi phewa ndi mwini galimoto, onse opanda nsapato, onse akudikira phulusa lomwelo.

Lachinayi, kumabwinja ndi kudamu

Lero tinabwereka njinga yamoto ya mateyala atatu, imene kuno amangoti auto, kuti tikafunefune mzinda uja. Pafupi ndi mudzi pali malo otchedwa Maligaimedu, pamene panali nyumba yachifumu. Akatswiri a boma la Tamil Nadu anakumbapo m'zaka za m'ma 1980, n'kudzayambiranso mu 2021. Chimene umaona ndi maenje okhala ndi makoma a njerwa zootcha, okhuthala kwambiri, m'munsi mwa nthaka. Anapezamo misomali yachitsulo yambiri ndi mapale a mbale za ku China. Mapalewo sakudabwitsa, pakuti Achola anali anthu a panyanja. Mu 1025 zombo za Rajendra zinawoloka nyanja n'kukathira nkhondo ufumu wa Srivijaya, kumene lero ndi Indonesia ndi Malaysia. Nyumba ya mfumu inali ya njerwa ndi matabwa, ya mulungu inali ya miyala. Pofika 1279 Apandya, mafumu a ku Madurai, anali atawagonjetsa Achola, ufumu unatha, ndipo mzinda unasanduka bwinja. Pambali pa maenjewo munthu wina anali kulima.

Tinapitanso ku Ponneri, nyanja yokumba imene Rajendra anaitcha Cholagangam. Zolembedwa pa mbale zamkuwa za ku Thiruvalangadu zimaitcha chipilala cha chigonjetso chopangidwa ndi madzi. Mafumu ena ankaimika mwala pokumbukira nkhondo, uyu anakumba nyanja yothirira minda, ndipo pa chimenechi ndikumulemekeza. Chipupa chake chadothi n'chotalika makilomita ambiri, koma m'katimo mwadzaza dothi ndi tchire, madzi ali apo ndi apo.

Pobwerera tinatsika pa Anaikarai, pa damu lotchedwa Lower Anicut. Linamangidwa mu 1836 motsogozedwa ndi injiniya wa ku Britain, Arthur Cotton. Miyala yambiri yomangira anakaigumula ku mpanda wa kachisi uja. Zolemba za nthawi ya atsamunda zomwezo zimavomereza kuti anthu a m'mudzi anayesetsa kukana, koma analangidwa, ndipo analonjezedwa kuti adzawamangira khoma la njerwa m'malo mwake, lonjezo limene silinakwaniritsidwe. Ndinaima pa mlathowo mtima ukundiwawa. Damulo ndi lothandiza, sindingakane. Limapatutsira madzi ku ngalande ya Vadavar, imene imadzaza nyanja ya Veeranam, ndipo ena mwa madziwo amakamwedwa mpaka ku Chennai. Koma kugumula nyumba yopemphereramo anthu ena, eni ake akulira, chifukwa choti miyala yake ili pafupi ndipo ndi yosemasema kale, ndi chipongwe chimene ubwino wa damu sungachifafanize. Woyendetsa auto anatiletsa kutsikira kumadzi, akuti muli ng'ona.

Lero kachisiyu amasamalidwa ndi bungwe la boma la Archaeological Survey of India, ndipo mu 2004 UNESCO inamuika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, pamodzi ndi wa ku Darasuram, kuwonjezera pa wa ku Thanjavur amene analowa mu 1987. Udzu ndi wotchetcha bwino, zinyalala palibe. Zimenezi n'zabwino, ngakhale kwa ine chimene chamusunga kwenikweni ndi anthu onga gogo wa dzulo uja.

Lachisanu, Annabhishekam

Tinanyamuka kusanache, koma tinapeza utsi uli tolotolo kale. Pambali pa kachisi anakonza malo ophikira, ndipo amuna ovala nsalu m'chiuno, matupi ali thukuta lokhalokha, anali kuphika mpunga m'mapoto akuluakulu. Matumba anali ataunjikidwa mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. Mpungawo ndi wopereka anthu, alimi ndi amalonda, aliyense monga wathera. Ukapsa amauyala pa mphasa zoyalidwa nsalu yoyera, kuutakasa ndi mafosholo atsopano kuti uzizire, kenako kuunyamula m'madengu. Anthu anapanga mzere kuchokera pophikira mpaka pakhomo la chipinda chamkati, dengu likuyenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita m'manja mwa uyo. Palibe amene analawa ngakhale kambewu kamodzi. Mnyamata wina mpunga utamumatirira pamkono, anaukokolola n'kuubwezera m'dengu.

Ntchitoyo inatenga tsiku lonse. Mwala wa mamita 4 suphimbika msanga. Ansembe amayamba pansi, kuzinga mwalawo ndi zotchingira kuti mpunga usagumuke, n'kumathira dengu ndi dengu, kukwera nawo pang'onopang'ono.

Podikira ndinazungulira kachisi monga amachitira eni ake, dzanja lamanja litaloza kukachisi, n'kuima pa zolembedwa za patsinde la khoma. Zilembo zake n'zazing'ono, zosemedwa mizere yaitali yotsatana. Zazitali kwambiri mwa izo ndi za Virarajendra, mwana wa Rajendra, amene analamulira kuyambira 1063 mpaka 1070. Si nyimbo kapena pemphero ayi, ndi kaundula: mayina a midzi, kukula kwa minda, ndi muyeso wa mpunga umene mudzi uliwonse unkayenera kupereka kukachisi chaka ndi chaka. Mpungawo unkadyetsa ansembe, oimba, oyatsa nyali, osesa ndi alendo. Kale unkabwera mwa lamulo la mfumu. Lero, kuseri kwa khoma lomwelo, madengu anali kudutsa popanda wowalamula.

Masana mvula inawaza pang'ono, anthu sanasunthe. Mabasi anapitiriza kutsitsa anthu ochokera ku Jayankondam, Chidambaram, Kumbakonam ndi kutali. Mzere unatuluka pachipata mpaka kumsewu, apolisi akuuwongolera ndi zingwe. Oimba nadaswaram, chitoliro chachitali chamawu akuthwa, anakhala pansi pakhonde pamodzi ndi woimba ng'oma ya thavil, amene dzanja limodzi amaimba ndi kamtengo, linalo ndi zala zovekedwa tizisoti tolimba.

Dzuwa litalowa tinafika kutsogolo. Mwala wakuda uja sunkaonekanso. Panali phiri loyera la mpunga, lotambalala pansi n'kusongoka pamwamba ngati chulu, ndipo analikongoletsa ndi zokolola za m'munda: mabiringanya, nthochi, maungu, mandimu, zitheba, ndi mikate yokazinga yolumikiza pa ulusi. Nyali zitayatsidwa, belu, ng'oma ndi chitoliro zinalira pamodzi, khamu lonse n'kufuula. Mnzanga anandiuza m'khutu kuti kwa iwo kambewu kalikonse ka mpunga umenewo kasanduka lingam pakokha, choncho woona zimenezi waona Shiva kosawerengeka nthawi imodzi. Ulemu wake ndinauona ndi maso. Mlimi amene anabzala, kupalira ndi kuingitsa mbalame akubweza chakudya kwa amene amakhulupirira kuti anamupatsa, ndipo akuchibweza chophikaphika, chochuluka, mosawerengera. Sanatilole kuima nthawi yaitali, anthu anali ambiri kumbuyo.

Usiku anayamba kuuchotsa mpunga uja. Wina anausakaniza ndi chambiko, wina ndi ndiwo za nyemba ndi masamba zotchedwa sambar, n'kugawira aliyense amene analipo. Tinakhala pansi pa udzu wonyowa, mwezi uli mbee, tikudya ndi manja. Pafupi nafe panali banja lina la alimi. Bamboyo anafunsa kudzera mwa mnzanga ngati kwathu timalima mpunga. Ndinamuuza za Karonga ndi Nkhotakota, ndi za fungo la Kilombero akamapsa. Anafunsa kuti timakolola kangati pachaka, madzi timawatenga kuti, feteleza ndi ndalama zingati. Mkazi wake sanalankhule zambiri, anangotenga mpunga wina pa tsamba lake n'kuika pa langa.

Wotsala, makamaka umene unakhudza mwala, amakauthira m'mayiwe ndi m'mitsinje kuti nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi zidyeko nazo.

Loweruka

Tinafika kunyumba pakati pa usiku, ndipo mayi uja anali akadali maso kudikira gawo lake. Mdzukulu wake anamutengera mpunga m'kachitini. Anasamba m'manja kaye, anayang'ana kum'mawa, n'kudya ataimirira, asanatifunse chilichonse cha ulendo.

M'mawa uno miyendo ikuphwanya, ndiye ndipuma mpaka masana. Madzulo tipita ku Darasuram, kunja kwa tauni ino, kukaona kachisi wa Airavatesvara amene Rajaraja wachiwiri anamanga m'zaka za m'ma 1100. Mayiyu akuti tipite msanga, kumwamba kwachita mdima ndipo mvula ya lero sikhala yowaza ngati ya dzulo.